Mbaula Pansi pa Makwerero

M'kanjira kathu kopanikiza ku Hanoi, aliyense ankadziwa kukoma kwa pho, msuzi wa mafupa a ng'ombe wa Mayi Thoa, komanso chifuwa chimene chinkabwera nawo. Mbaula yawo ya malasha oumba, aja a mabowo ngati zisa za njuchi, inkafuka kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Ana ankatsokomola, amuna awo nawonso, zovala pachingwe zinkanunkha, mwini mbaula alibe nazo ntchito.

Khonsolo italetsa malashawa, wogawa mbaula za magetsi m'dera lathu anali Luyen, amene anakulira khomo loyandikana ndi la Mayi Thoa.

"Azakhali, nayi yanu, yaulere," anatero Luyen. "Tamvani mmene akupumira amalume."

"Iwe, ndinakusambitsapo ndi manja awa! Wavala yunifolomu lero, basi undiphunzitse kuwiritsa mafupa? Msuzi wa pamagetsi ndi madzi otsukira mbale. Choka apa!"

"Chabwino, koma yamalashayo musadzayerekeze kuilowetsa m'nyumba ikuyaka."

"Zaka makumi atatu sinandiphe. Iyambe lero poti wanena ndiwe?"

Mbaula yatsopano inakankhidwira kunsi kwa bedi ili m'katoni momwemo. Ndipo ife, zitsiru zenizeni, tinkawathandiza. Galimoto ya khonsolo ikangotulukira, wogulitsa tiyi pakona ankagogoda tambula ndi supuni katatu, aliyense n'kubisa chake. Tinkaseka, kumati tachenjera. Mpaka lero ndikaganiza, mtima umandiwira.

Lachinayi lina masana, nyengo yozizira, supuni inalira. Mayi Thoa ananyamula mbaula ili psuu, anaiika pansi pa makwerero, n'kukoka chitseko chachitsulo. Nyumba zathu ndi zazitali ngati paipi, mawindo mulibe. M'kachipinda ka pamwamba pa makwererowo amuna awo, Bambo Khue, anali m'tulo ta masana, khola la mbalame yawo yoimba lili kumutu.

A khonsolo sanafulumire tsiku limenelo. Anayenda khomo ndi khomo kwa ola lathunthu. Mayi Thoa anangokhala panja, msana atatsamira chitseko, akusenda anyezi uku akumwetulira.

Luyen atafika anaima, anatchera khutu.

"Azakhali, mbalame ya amalume bwanji sikuimba lero?"

"Yakhuta."

"Mbaula ili kuti?"

"Ndinataya kalekale."

"Azakhali, tsegulani!"

"Uli ndi kalata yolowera m'nyumba mwanga?"

Tangoganizani! Munthu akutha m'kati, wina akufunsa kalata! Luyen anawakankhira kumbali, n'kukoka chitseko. Mpweya wotentha unatiwomba kumaso. Titakwera, mbalame inali chagada m'khola, timiyendo tili m'mwamba. Bambo Khue tinawatsitsa anthu anayi, ali lende. Anatsirizika tisanafike kuchipatala.

"Khue, dzuka!" ankakuwa Mayi Thoa m'njira monse. "Ndimangoti a khonsolo apite kaye!"

Pamaliro panadzaza anthu, ndipo anthu amafuna kudya. Malasha palibe amene akanayerekeza kuwayatsa. Luyen yemwe uja, maso ali ofiira, anagwada n'kusolola katoni kunsi kwa bedi. Mbaula ya magetsi inayamba ntchito pophikira olira maliro a mwini nyumba. Msuziwo ndinamwa ndekha, ndipo ndikunena ndi mkwiyo: unali wokoma chimodzimodzi.

Amene Mayi Thoa ankamuthamangitsa ngati mdani ndi yemwe anazindikira kuti mbalame yatonthola. Akuluakulu sananame: wakutsina khutu ndi mnansi.