Tochi Yosazima ya Wokumba Zitsime

Panali munthu wina wokumba zitsime amene ankagwira ntchitoyo ndi mng'ono wake, dzina lake Lufeyo. Onse awiri anaiphunzira kwa bambo awo, munthu wouma pakamwa, wophunzitsa ndi manja. Lamulo limene ankalitchula ndi pakamwa linali limodzi lokha: "Koloboyi atsogole. Akazima, lero kulibe ntchito." Choncho munthu asanalowe m'chitsime, ankamangirira kanyali ka palafini kaja kuchingwe n'kukatsitsira pansi.

Anawo sanafunse chifukwa chake. Ankati n'chodziwikiratu. Pansi pa chitsime pamakhala mdima ngakhale masana, ndiye nyali ikakana kuyaka, munthu angakumbe bwanji osaona? Bambowo anamwalira. Lamulo linatsala, chifukwa chake chinapita nawo kumanda.

Mkuluyo ankadana naye koloboyi. Utsi unkamuwawa m'maso, mwaye unkamudetsa m'mphuno, ndipo tsiku limene wazima ankabwerera kunyumba chimanjamanja, eni chitsime akung'ung'udza kumbuyo.

Tsiku lina la msika anagula tochi yovala pamutu, zotchipa zija zimene amaziyala pamodzi ndi zipeso ndi malezala. Apa ndimuyamikire, chifukwa sanali munthu wotengeka ndi chikomekome. Atafika nayo kunyumba anayamba kuizenga mlandu. Analowa nayo kuchipinda n'kutseka zenera, ndipo anaona kuti poyamba imawala bwino koma mabatire ake sachedwa kufooka. Anaivala n'kuwerama, lamba wake anatsetsereka mpaka pamphuno. Anaiwaza madzi, inayamba kuphethira ngati diso lolowa kachitsotso. Wina akanaitaya n'kutukwana wogulitsa. Iye anakhala pakhonde n'kuimasula.

Lamba uja anamuchotsa, anaikapo mphira ya chubu ya njinga. Timabatire tija anatitaya, n'kulumikizamo batire la foni yakufa loti azitchaja pa sola. Mawaya ake opyapyala anawasintha ndi ena a m'wailesi yakale. M'mipata monse anamata guluu kuti madzi asapeze polowera. Kenaka anaiyesanso. Anaimiza m'ndowa ya madzi, ikuwala. Anaigwetsa kuchokera padenga, ikuwala. Anaikwirira mumchenga n'kuifukula, ikuwalabe. Anthu ankabwera kudzaona, akumati mutu umenewu ukanangopita kusukulu bwenzi tikukamba zina. Inalidi ntchito yabwino, ndipo sindikunena monyogodola.

Inafika nyengo yotentha ija zitsime zimaphwa. Mayi wina anawaitana kuti akazamitse chitsime chake chakale, chakuya kwambiri, chimene chinakhala chovundikira ndi malata chiphwereni. Abalewa ankasinthana polowa pansi, ndipo tsiku limenelo wolowa anali Lufeyo. Kunyumba anasiya mkazi wake ali woyembekezera.

Atachotsa malata, Lufeyo anayatsa koloboyi mwachizolowezi n'kumutsitsa. Asanafike pansi lawi linafupika, kenaka linazima. Anamukweza, anamuyatsanso, anamutsitsanso. Anazimira pamalo pomwe paja.

"Achimwene, wakana," anatero Lufeyo. "Lero kulibe ntchito."

"Wakana ndani, kachitini ka utsiko?" anayankha mkuluyo akuseka. "Tsobola wakale sawawa, iwe. Taona izi."

Anamangirira tochi yake kuchingwe n'kuitsitsa. Inadutsa pamene koloboyi anazimira, inakafika pansi, n'kuonetsa ngakhale timiyala ta m'matope.

"Komatu bambo ankati akazima tisalowe," anatero Lufeyo.

"Bambo analibe china chounikira. Iwe ukuopa mdima eti? Tandionetsa mdimawo."

Lufeyo anayang'ana m'chitsime, anayang'ana mkulu wake. Nayenso ankangodziwa lamulo lokha. Ndiye mkuluyo anakweza tochi ija n'kumuveka mng'ono wake ndi manja akeake. Anakoka mphira ija kuti igwire bwino, n'kumusisita paphewa.

Lufeyo anatsika. Ali pakati anafuula kuti, "Koma ikuwalatu, achimwene!" Atafika pansi kunamveka piki ikugunda pang'ono. Kenaka zii.

Mkuluyo anasuzumira. Kuwala kunalipo, koyera bwino, kukuunikira khoma la chitsime. Anati mumtima mwake, akupumako. Anakakhala pamulu wa dothi kudikira kuti chingwe chigwedezeke akoke ndowa.

Apa ndi pamene pamandiwawa kwambiri pankhani yonseyi. M'chitsime chakuya chimene chakhala chotseka mumadikha mpweya woipa. Suoneka, sununkha. Lawi la moto limapuma mpweya womwe munthu amapuma, ndipo pamene lawi lafa, munthu sangakhalepo ndi moyo. Bambo aja ankatsogoza koloboyi kuti akafe iyeyo m'malo mwa munthu. Kuzima kumene mwana wawo ankadana nako, imeneyo ndiyo inali ntchito yake yeniyeni. Koma tochi sipuma. Imawala chimodzimodzi pabwino ndi poipa. Nthawi imene mkuluyo akanaitana anthu anaithera posuzumira kuwala kuja, mtima uli m'malo, akunyadira ntchito ya manja ake.

Patapita nthawi anazindikira kuti kuwalako sikunasunthe ngakhale pang'ono. Mutu wa munthu wamoyo umagwedezeka.

"Lufeyo! Lufeyo iwe!"

Chitsime chinangomubwezera mawu ake omwe.

Anakuwa, anthu anathamangira. Bambo wina anamanga chingwe m'chiuno n'kuyamba kutsika, koma asanafike patali anayamba kubanika, ndipo anamukoka atalobodoka. Mkuluyo anafuna kulowa yekha, amuna anamugwira mwamphamvu, iye akulimbana nawo, akulira. Ena anadula nthambi za masamba, anazimanga kuchingwe, n'kumazitsitsa ndi kuzikweza kuti mpweya usinthe. Nthawi yonseyo kuwala kuja kunali pansi, phee.

Lufeyo anamutulutsa dzuwa litapendeka, atauma kale. Anamugoneka pansi pa mtengo, tochi ili pamphumi, ikuwalabe. Mkazi wake anafika akuthamanga monga angathamangire mayi woyembekezera, n'kugwada pambali pake. Kuwalako kunkamuthobwa m'maso. Anatembenukira kwa mkulu uja n'kunena kuti:

"Alamu, tazimitsani chinthuchi, ndione nkhope ya mwamuna wanga."

Mkuluyo anadina poizimitsira, koma guluu ndi matope zinali zitagwirana, ndipo inakana. Anaivula pamutu pa mbale wake n'kuibisa m'malaya, kuwala kukutulukirabe pansalu. Anachoka pagulupo atawerama. Chichokereni tsiku limenelo sanakumbenso chitsime, ndipo mwana amene anabadwa pambuyo pake analeredwa ndi iyeyo.

Tsono inu amene mukundimva. Pakhomo panu, kuntchito kwanu, ngakhale pakati pathu pano, alipo munthu amene amakutopetsani. Mukabwera ndi nzeru yanu yatsopano ena onse akuwomba m'manja, iye nkhope yagwa, akuti, "Ayi, pamenepa ine sindilowapo." Mwina sathanso kukulongosolerani chifukwa chake. Mumamutcha wamantha, wobweza zinthu m'mbuyo, ndipo mumalakalaka wina woti azivomera chilichonse. Wovomera chilichonseyo mumupeza, sasowa, ndiponso savuta kusunga. Koma adzakumwetulirani chimodzimodzi pamene zinthu zili bwino ndi pamene zafika poopsa.

Safunsa anadya phula. Musanamukankhire pambali wokana uja, khalani naye pansi mumufunse chimene wamva. Akalephera kuyankha, kafunseni kwina, koma musathamangire kutsitsa chingwe. Ndipo musadzitonthoze kuti zikavuta zidzakugwerani nokha. Kawirikawiri amene amalowa m'dzenje chifukwa cha nzeru zanu si inu ayi. Ndi munthu amene amakukhulupirirani.