Telala Amene Anakana Mauthenga a Maliro

Panali telala wina m'tauni, munthu wa makina awiri ndi foni yake m'thumba. Mkazi wake, Nangondo, anali wa kumudzi wina kuseri kwa mapiri, kumene foni sigwira ngakhale mutakwera pachulu. Kumeneko nkhani zinkafika ndi wailesi basi.

Masiku amenewo boma linali ndi lamulo loti wailesi iliyonse iziwerenga mauthenga a maliro kwaulere, masana ndi madzulo. Eni mawailesi ankadana nalo lamulolo. Ankati nthawi imeneyo ikanakhala ya otsatsa malonda. Boma litatopa ndi madandaulo awo, linaitanitsa msonkhano, ati likufuna kumva maganizo a anthu. Msonkhanowo anachitira kuhotela, ndipo ofunsidwa onse anali a m'tauni. A kuseri kwa mapiri sanaitanidwe. Msewu wakumeneko umawononga galimoto za mabwana.

Telala uja anaimirira, nati, "Mabwana, maliro atikwana pawailesi. Munthu ukusoka, ukufuna kanyimbo, ukungomva wamwalira uje, wamwalira uje. Amasuleni anthuwa achite malonda awo. Masiku ano ndani alibe foni?"

Anthu anamuwombera m'manja. Itafika nthawi yokweza manja, lake linali loyamba. Lamulo linachotsedwa, ndipo mabwana anati dziko lapita patsogolo. Paja akulu anati linda madzi apite ndiye uziti ndadala.

Chaka chisanathe, Nangondo anadwala masiku atatu n'kumwalira. Linali Lolemba. Telala analemba uthenga papepala n'kuthamangira kuwailesi.

"Pepani bambo," anatero mayi wolandira alendo, "pulogalamu imeneyo tinaithetsa. Palibenso chotikakamiza."

Kuwailesi yachiwiri anamuuza zomwezo. Yachitatu inati mpata ulipo Lamlungu. Koma mtembo sudikira Lamlungu.

M'mawa mwake anakweza bokosi m'lole pamodzi ndi amayi operekeza maliro, ulendo wa kumudzi. Atayandikira, anaona kuti pamsewu palibe masamba osonyeza maliro. Adzukulu sanapite kukakumba manda. Kunkamveka misi, amayi akusinja ngati tsiku lina lililonse. Telala anaimitsa lole kutsidya la mtsinje, napempha operekeza kuti akhale chete, iye atsogole wapansi akafune amalume a malemu. Mukudziwa inu kuti uthenga wotere superekedwa ndi mkamwini kwa apongozi ake. Pamwambo anthu awiriwa amathawana ndi njira yomwe.

Koma woyamba kukumana naye anali apongozi akewo, mayi a Nangondo, akuchokera kudimba atasenza dengu la mpiru. Atamuzindikira anapatukira m'udzu, nagwada atayang'ana kumbali, nkhope ili mwee ndi chimwemwe.

"Takulandirani, bambo. Koma ndiye mwatidzidzimutsa! Nanga mwana wanga watsalira kuti? Kapena katundu wamulemera?"

Telala anagwada pafumbi. Asanatsegule pakamwa, amayi a m'lole muja analephera kupirira, nayamba nyimbo ya maliro kutsidyako. Gogoyo anatchera khutu. Kenako anatembenuka n'kumuyang'ana mkamwini wake m'maso, chinthu chimene anali asanachitepo. Dengu linagwa, mpiru n'kumwazika m'njira.

Nkhani imeneyi imandiwawa, ndipo sindibisa. Telala analakwa, inde, koma iye anagwada pafumbi paja. Mabwana amene anafufuta lamulolo sanagwade. Tsiku limenelo anali kumsonkhano wina, kuhotela ina, akufufuta lina.

Tsono inu amene mukundimva, malamulo ena ndi opanda pake, amenewo achoke ndithu. Koma akadzabwera n'kukuuzani kuti madzi, magetsi kapena mafoni aziyenda bwino eni ake akamasulidwa, musathamangire kukweza dzanja. Yambani mwafunsa kuti lamulo likuchotsedwalo linkateteza ndani. Mukapeza kuti munthu ameneyo mulibe m'chipindamo, dzanja lanu likhale pabondo mpaka akamuitane.