Mchira wa Gologolo pa Bolodi la a Mvuu

Ngati muli ndi mtima wokayika, siyirani pomwepa mukathirire dimba, chifukwa nkhani iyi ngakhale mkazi wanga amaikana, chonsecho anali pomwepo akugulitsa zitumbuwa.

Chaka chimenecho njala inafika poti Gologolo anatsala ndi njere zitatu za mtedza, ndipo m'mawa ankangozinyambita n'kuzibwezera m'thumba. Tsiku lina anamva kuti Loweruka kuli mpira wa basiketi, uja woponya m'dengu lobooka pansi, Koleji ya Akadyansonga kukumana ndi Koleji ya Anjiri. Pamsika a Mvuu anali atakhoma bolodi, n'kulembapo ndi makala funso limodzi: kodi Akadyansonga apambana? Wofuna ankagula tikiti ya INDE kapena ya AYI, ndipo yolondola inkadzalandira makapu khumi a mtedza. Mtengo unkayendera gulu. Ambiri akathamangira INDE inkakwera, akaithawa inkagwa. Tsikulo inali pa makapu asanu ndi anayi, poti Kadyansonga saponya mpira, amangouika m'dengu ngati akusunga dzira.

Gologolo analibe ngakhale theka la kapu. A Mvuu anamuyang'ana kumbuyo, nati akhala akusowa chofufutira bolodi.

"Ikani mchirawo chikole, achimwene. Mukaluza ndidula ndekha, bwinobwino."

Anavomera, koma sanagule msanga. Anayamba wapita kwa a Njobvu, amene anali ndi matikiti a INDE odzaza khutu, n'kuwanong'oneza kuti kapiteni wa Akadyansonga anagona molakwika, khosi lamanga mfundo. A Njobvu anathamanga kukagulitsa. Nyama zina zitaona wamkulu akuthamanga sizinafunse, zinagulitsanso. INDE inagwa kufika pa makapu awiri, Gologolo n'kugula mulu. Kenako anauza a Njati kuti mfundo ija yamasuka, ndipo khosi latalikirako mkono wathunthu. INDE inakwera, iye anagulitsa, anawombola mchira, n'kudya mpaka kuyetsemula makoko.

Lachisanu anabwerezanso. M'mawa Anjiri agula nsapato zodumphitsa ngati chule, masana nsapatozo zapezeka kuti zonse ndi za mwendo wamanzere. Anakhutanso.

Apa munthu wanzeru akanapukuta pakamwa. Koma Loweruka m'mawa Gologolo anafalitsa kuti Akadyansonga onse atsegula m'mimba. INDE inagwera pa kapu imodzi. Anagula ndi mtedza wake wonse, n'kuikanso mchira pamwamba. Asanapite kukachiritsa odwalawo ndi pakamwa, a Kadzidzi oimbira mpira anaimba wezulo, msika n'kutsekedwa.

Chimene iye sanadziwe n'choti Akadyansonga popita kubwalo anadzera pamsika. Anali bwinobwino, koma atawerenga bolodi anayang'anana.

"Ife ndife ophunzira," anatero kapiteni. "Mimba ikhoza kunama, koma nambala yalembedwa."

Anagula AYI ndi ndalama za mabuku. Anjiri nawo, chimvereni za khosi lotalika lija, anali atasunga matikiti a INDE m'masokosi. Timu iliyonse inalowa m'bwalo itatsimikiza mtima kuti iluze.

Mpira wotero sindinauonepo. Akadyansonga ankauika m'dengu lawo lomwe, mwaulemu, wina n'kumuuza mnzake kuti zikomo. Anjiri ankafuna kuchita chimodzimodzi, koma ngakhale atakwerana atatu sankafika. Pofika pakati pa masewero Anjiri anali ndi zigoli makumi anayi asanagoletse n'kamodzi komwe, ndipo ankalira. A Mvuu anali pambali akunola mpeni pamwala, uku akufunsa Gologolo ngati mchirawo umachapidwa ndi sopo kapena madzi okha.

Tsono pa mpira umenewu, akapuma matimu amasinthana madengu. A Kadzidzi, poti kunali masana, anali atagona wezulo ili kukamwa. Gologolo anazembera bolodi la a Mvuu, anafufuta pakona ndi mchira wake womwewo, n'kulembapo kuti LERO KULIBE KUSINTHANA MADENGU. Akadyansonga anasuzumira kumsika, anawerenga, anagwedeza mitu, n'kubwerera kudengu lomwe lija, osadziwa kuti tsopano zigolizo zikuwerengedwa kwa iwo eni. Wowerenga zigoli anali a Kamba, amene amayamba chiganizo lero n'kuchimaliza mawa. Pamene ankamaliza kulengeza kuti matimu afanana, makumi anayi uku makumi anayi uko, mpira womaliza unali kale m'mwamba.

Kapiteni anazindikira. Anatambasula khosi, naugunda ndi kanyanga. Mpira unagwera pamkombero wa dengu n'kuyamba kuzungulira. Unazungulira kamodzi, a Mvuu anaimirira. Unazungulira kachiwiri, anayesa mpeni pachala. Kachitatu unapendekera kunja. Gologolo, amene anali atakwera kale pamtengo wa dengulo, anaupepesa ndi mchira, phwa, n'kulowa. Phokoso linadzidzimutsa a Kadzidzi, wezulo inalira yokha.

Anjiri oluza anavina, anathamangira pabolodi ndi matikiti awo n'kukokolola matumba onse a a Mvuu. Akadyansonga opambana anakhala pansi kulirira mabuku, kenako anaona kuti zolemba za pakona zija zili ndi ubweya. Gologolo pofika ndi mulu wake wa INDE anapeza a Mvuu akukutumula thumba lomaliza. Munagwa njere zitatu.

"Mchira ndi wanu, achimwene," anatero a Mvuu. "Koma mukafuna ganyu, mumafufuta bwino."

Makosi anali atayamba kale kuweramira pamsika. Gologolo anaponya njerezo m'masaya, anadutsa pansi pa miyendo ya timu yonse akuseka ndi mphuno, mchira uli bii ndi makala.

Zonsezi zinachitika momwemo. Pamene ndanama ndi pamodzi pokha, pa njere zitatu zomalizazo. Anathawa ndi ziwiri. Yachitatu inagwa, ndinatola ndine, ndipo inali yowola.