Mfundo ziwiri pa chitenje cha Nankhoma

Panali mayi wina wamasiye, Nankhoma, amene anaphunzitsa ana ake awiri ndi geni ya tomato. Wamkulu anakhala dokotala pa chipatala cha boma. Wamng'ono anaphunzira za mankhwala, natsegula famase kutsidya kwa msewu wa pa chipatalapo. Anthu ankati mayi ameneyu ngakhale chimfine chidzamuopa.

Tsiku lina pa ukwati wa msuweni wawo, dokotala uja atakhuta ananena pagulu kuti, "Wochiritsa ndine. Mphwangayu amangowerenga mapiritsi ngati wogulitsa maswiti." Anthu anaseka, koma mphwakeyo sanaseke. Kuyambira tsiku limenelo moni unatha pakati pawo, ndipo wina akamva dzina la mnzake nkhope inkagwa. Mayi wawo anaphunzira kusatchula wina pamaso pa mnzake.

Patapita nthawi Nankhoma anayamba kumva mutu ndi chizungulire. Dokotala anawayeza napeza kuti magazi akuthamanga kwambiri. Anawapatsa mapiritsi, nafunsa, "Amayi, pali mankhwala ena amene mukumwa?"

"Palibe, mwanangu," iwo anayankha.

Koma analipo. Mawondo ankawavuta, ndipo wamng'ono uja ankawapatsa mapiritsi opha ululu. Iyenso anali atafunsa funso lomwelo, nayankhidwa chimodzimodzi. Nankhoma ankamanga mankhwala a mwana uyu ku nsonga imodzi ya chitenje, a mwana winayo ku nsonga ina, kuti ngakhale mapiritsiwo asakumane.

Mwezi ndi mwezi dokotala ankawayeza, magazi osatsika. Anawonjezera mankhwala. Anawaletsa mchere. Anawakalipira kuti mwina akudumphitsa masiku, iwo nangoti, "Ndikumwa, bambo." Mumtima dokotalayo ankadabwa kuti odwala achilendo akupeza bwino m'manja mwake, koma womubereka ayi. Kuwoloka msewu kukafunsa mphwake sikunamubwerere n'komwe.

M'mawa wina Nankhoma anagwa pa msika, tomato n'kumwazika. Anafika nawo ku chipatala pakamwa patapotoka, mkono wakumanja uli lende. Pamene anamwino ankawasintha zovala, dokotala anaona mfundo ziwiri pa chitenje. Anamasula yoyamba napeza mankhwala ake. Atamasula yachiwiri, anapeza ena. Anali mapiritsi a mtundu uja umene, munthu akaumwa nthawi yaitali, umakweza magazi ndi kufooketsa mankhwala owatsitsa. Pa kathumba kake panali chidindo cha famase ya mphwake.

Anawoloka msewu chitenje chili m'manja, mtima uli m'mwamba, naponya kathumbako pa kauntala.

"Iwe, wopenga ndani amapatsa izi munthu wothamanga magazi?"

Mphwake anamuyang'ana kukamwa kuli yasa. "Wothamanga magazi ndani, achimwene?"

"Amayi. Agwa. Ali ku wodi, sakuyankhula."

Wamng'onoyo anati, "Amayi amathamanga magazi? Ine ndinawafunsa, anati palibe chimene akumwa. Mukanangondiuza mawu amodzi, sindikanawapatsa. A mawondo alipo ena osaopsa."

"Mawondo?" anatero dokotala, mawu atachepa. "Amayi amadwala mawondo?"

Anangoima choncho, chitenje chili pakati pawo. Dokotala anachita mantha aakulu, pakuti anabwera kudzagwira wolakwa, koma anaona kuti aliyense wa iwo anapereka mankhwala oyenera kwa theka la mayi wake. Anatenga nsonga ziwiri zija naziika pamodzi m'dzanja la mphwake, nati, "Tseka famase. Tiye ukandithandize."

Nankhoma sanamwalire. Lero ana ake amakhala pa mkeka umodzi kukambirana piritsi lililonse asanawapatse, ndipo magazi anatsika. Mayiyo amawayang'ana akucheza, misozi n'kumatsika mbali imodzi ya nkhope. Chimene ankachilakalaka zaka zonsezo anachiona, koma lilime loti anenere zikomo analibenso.

Tsono inu madokotala ndi a zamankhwala atsopano amene mwavala makhoti oyera lero, ena mukupita ku wodi, ena kuseri kwa kauntala. Wodwala amene adzakupezeni ndi mmodzi, thupi lake ndi limodzi, ndipo si zonse zimene adzakuuzeni. Musamusenzetse ntchito yolumikiza inu awiri. Msewu uli pakati panuwo muuwoloke iye akadali choimirira.