Chitenje cha Otsuka Mbale

Tsiku lina Mayi Chimphamba anapeza wantchito wawo, Esinati, atavala chitenje chamaluwa achikasu chofanana ndendende ndi chawo.

"Iwe, ukafanane ndi ine paukwati wa Loweruka? Vula undipatse!"

Esinati anagwada. "Tengani mayi, koma anzanga akandikalipira. Imeneyitu ndi yunifolomu ya ife otsuka mbale kuukwatiko."

"Otsuka mbale?" Mayiwo anathamangira kuchipinda n'kutulutsa chawo chija. "Tenganso ichi, ndisadzachionenso!"

Loweruka litafika, otsuka mbale onse anavala zobiriwira. Wa maluwa achikasu anali Esinati yekha, akuvina kutsogolo, china m'chiuno, china kumutu.

Mayi Chimphamba anangoti kukamwa yasa.

"Zikomotu mayi," anatero Esinati podutsa. "Duku ndinalibe."