Mbewu ya Kutsindwi

Panali munthu wina, kalipentala, amene matabwa sankagula kwa ocheka. Iye ankayenda m'mabwinja. Dera lakwawo linali la zitunda ndi madambo, ndipo anthu ambiri anali atasamukako. Ena anatsata msewu watsopano, ena anapita kumaesiteti a fodya, ena imfa inawatola mmodzimmodzi mpaka pakhomo kumera nsatsi. Nyumba zawo zinatsala zili chiimire m'tchire. Munthuyu ankapempha kwa abale a eni nyumbazo, ndipo akamulola ankakazula zitseko ndi mafelemu, n'kuzipala, n'kukagulitsa kumsika. Anthu anamutcha a Zitseko, iyenso n'kumavomera.

Koma tinene zoona, zitsekozo zinali chonamizira chabe. Kuzula chitseko ndi ntchito ya kanthawi kochepa, koma iye pabwinja ankaswera tsiku lonse.

Bwinja ankalidziwa akadali patali, chifukwa mango saunjikana okha m'tchire. Pamene waona mitengo ya mango itaima pamodzi, dziwa kuti panali anthu. Akafika ankatsamiritsa njinga pamtengo, n'kuima pabwalo, n'kunena kuti "Odi," ngakhale ankadziwa kuti woyankha palibe koma njiwa. Kenaka ankawerama n'kulowa mwaulemu.

M'katimo dzuwa linkalowera m'mabowo a denga, fumbi likuyandama pang'onopang'ono m'kuwalako. Iye ankakhala pansi n'kumayang'ana zimene anthu anasiya. Nsapato imodzi ya mwana. Wailesi imene mavu anamangamo chisa. Chipeso chothyoka mano, chosomekedwa m'khoma pamene dzanja la mkazi wamfupi likanafikira. Chingwe cha mbuzi chikadali pachikhomo, mbuziyo itadyedwa kalekale. Akayang'anitsitsa zinthuzi, tulo ta masana tinkabwera, ndipo pakati pa kugona ndi kudzuka nyumba ija inkadzazanso anthu. Ankamva munsi ukugunda kuseri, mwana akulirira nsapato yake inayo, wina akutsokomola pakhonde. Ankawadziwa anthuwo ngati abale ake, ndipo ankawakonda. Nthawi zina ankalira nawo, pakuti mtima wake unali wofewa kwambiri kwa anthu amene kulibe.

Kukhitchini kwa eni ake ankalowa mosaopa, poti kunalibe mkazi womudabwa, kunalibenso amuna anzake omuseka. Ndipo kumeneko n'kumene anaphunzira chinthu chachikulu pa zonse. Mkazi akamachoka pakhomo osadzabweranso, mtondo amatha kuusiya poti ndi wolemera, mtsuko amatha kuusiya poti ungasweke m'njira. Koma chimanga chambewu, chija amachimangirira ndi makoko ake kutsindwi pamwamba pa mafuwa, sachisiya. Choncho iye akalowa ankayamba wayang'ana kumwamba. Akapeza kuli zingwe zokhazokha, ankadziwa kuti mayiyo anatsanzika ndi mtima wonse. Akapeza mbewu ikulendewera, ankadziwa kuti mwini wake ankati abwera, koma china chake chinamugwira kumene anapitako.

Nyumba zoterozo ndi zimene zinkamumvetsa chisoni koposa. Ankatambasula dzanja kuti akhudze chimangacho, ndipo chinkangoyoyoka ngati gaga. Mbewu ya kutsindwi imasungidwa ndi utsi. Moto ukazima masiku ambiri, anankafumbwe amalowa, n'kudya m'kati, kunja kukuoneka ngati kuli bwino.

Tsono munthuyu anali ndi mkazi, dzina lake Nangozo. Anamutenga chitengwa kuchokera kutsidya kwa mtsinje, n'kumumangira nyumba pachitunda, patali ndi anthu. Pobwera, Nangozo anasenza chimanga cha makolo chimene mayi ake anamuninkha, ndipo chaka ndi chaka ankadzala chomwecho, n'kupatula chambewu. Ana awo anakula n'kupita, wina ku ukwati, wina kuntchito. Pakhomo anatsala awiriwiri, kapena tinene kuti mmodzi, poti bamboyo ankalawira m'mawa ndipo maulendo ena ankagonera konko.

Akabwera, nkhani yake inali ya m'mabwinja basi.

"Anangozo, nyumba imene ndaona lero yandikhudza," anatero tsiku lina akusamba m'manja. "Mayi wa pamenepo ankasungulumwa. Pakhonde pali timipando tiwiri, koma kamodzi kokha ndi kamene kanasalala ndi kukhalidwa."

Nangozo anamuthirira madzi mpaka anamaliza, ndipo anati, "Akazi a m'mabwinja ali ndi mwayi, abambo. Ali ndi wowamvera chisoni."

Bamboyo anaseka, kuyesa nthabwala.

"Sindikuseka ine," anatero Nangozo. "Ndatopa kucheza ndi nkhuku. Kwathu munda wa amayi ukungogona. Mvula ikamayandikira, ndiona kumene ndikadzale chaka chino."

"Tidzakambirana," anayankha bamboyo. Mawu amenewa anali atawanena kambirimbiri, moti anali atatha mchere. M'mawa mwake anamanga zida zake panjinga, chifukwa anali atamva za mudzi wathunthu umene unasiyidwa kuseri kwa phiri.

Kumeneko anakhalitsa. Nyumba zinali zambiri, iliyonse ndi maloto ake, ndipo masiku ankangodutsa iye osawamva. Pamene ankabwerera, zitseko zitasanjikizana panjinga, dzuwa la chilimwe linali litapsereza udzu ndipo mango anali atayamba kukhwima. Anakwera chitunda chakwawo masana, mutu ukadali kwa anthu a kuseri kwa phiri. Anatsamiritsa njinga pamtengo wa mango, n'kuima pabwalo, ndipo pakamwa pake panatuluka mawu ozolowera aja: "Odi."

Inayankha njiwa.

Apo m'pamene anadzidzimuka. Pabwalo panali masamba osasesa. Nkhuku panalibe. Chitseko chinali chokhoma, kiyi ali pansi pa mwala pamene ankamusiya nthawi zonse. Mayi wina amene ankadutsa ndi mtolo wa nkhuni anamuuza ali chiyendere kuti a Nangozo anapita kwawo kutsidya, akuti akaone munda.

Munthuyu anatsegula, n'kuwerama, n'kulowa m'nyumba yake momwe ankalowera m'nyumba za eni. Ndipo kwa nthawi yoyamba anaiona ndi maso omwe aja.

Anaona kuti pakhoma panali maluwa ojambula ndi dothi lofiira ndi loyera, zala za mkazi zikuonekabe m'dothimo. Sanadziwe kuti anajambulidwa liti. Duwa lomaliza linali losamaliza, ngati wojambulayo anadzifunsa pakati pa ntchito kuti kodi akukongoletsera yani. Anaona malaya ake atapindidwa pamphasa, chigamba chitasokedwa mbali imodzi, singano ikadali pomwepo. Anaona mbale yake ndi kapu yake zitavundikiridwa ndi kansalu kuopa fumbi. Atatuluka pakhonde anapeza timipando tiwiri timene anakhoma yekha ali mnyamata. Kamodzi kanali kosalala, konyezimira. Kachiwiriko atakatembenuza anapeza kangaude atamanga kunsi kwake, ndipo mwendo umodzi chiswe chitayamba kale kuudya.

Anakhala pansi, manyazi atamugwira ngati malungo. Mayi wosungulumwa amene ankamulirira m'mabwinja onse aja ankagona naye nyumba imodzi.

Kunatsala kukhitchini. Chimangireni kanyumbako, iye anali asanalowemo, poti amati mwamuna weniweni sapezeka pamafuwa. Atafika anaona kuti pakhomo pake panalibe chitseko. Panali chiguduli cholendewera pamisomali iwiri. Munthu amene anatsekera nyumba za dera lonse, mkazi wake ankatchinga mphepo ndi chiguduli. Anachikankha n'kulowa.

Phulusa linali lozizira. Mafuwa anali atatu, ali duu. Iye anaima nthawi yaitali akuyang'ana pansi, chifukwa ankadziwa chimene chinali kumwamba, ndipo ankachiopa. Zingwe zokhazokha zikanatanthauza kuti banja latha. Potsiriza anakweza maso.

Mbali imodzi ya tsindwi kunali zingwe zopanda kanthu. Mbali inayo chimanga chinali chikulendewera, chakuda ndi mwaye. Nangozo anatenga theka la mbewu n'kusiya theka.

M'mabwinja onse amene anayendamo, zoterezi anali asanazione. Koma sanafunikire womumasulira. Mkaziyo anali asanatsimikize. Mtima wake unali pakati pa mtsinje, phazi lina kuno, lina kutsidya. Bamboyo anatambasula dzanja mwamantha n'kukhudza chimanga chimodzi. Chinali cholimba. Koma pakhoko pake panali kanankafumbwe kamodzi kakuyenda, kakufunafuna polowera.

Wina akanathamangira kwa ankhoswe. Wina akanaoloka mtsinje tsiku lomwelo kukalonjeza zambirimbiri. Iye anadziwa kuti pakamwa pake panalibenso mawu amene Nangozo akanawakhulupirira, ndiponso kuti akachoka, mbewu yotsalayo idyedwa. Anatuluka, n'kutola nkhuni, n'kugwada pamafuwa. Moto wa kukhitchini sankaudziwa, ndipo unamuvuta. Anauzira mpaka chizungulire, phulusa kumaso konse. Kenaka utsi unadzuka, n'kukwera pang'onopang'ono, n'kukuta chimanga chija.

Kuyambira tsiku limenelo kumabwinja sanapitenso. M'mawa ankakoleza moto, masana n'kusonkhezera, madzulo chimodzimodzi. Pakati pake ankakhala pansi pa mango akupala matabwa. Amuna odutsa ankaona utsi, n'kumuona akutuluka m'khitchini maso ali psuu, ndipo ankagwa nako kuseka. "A Zitseko anawadyetsa ndithu," ankatero. "Mkazi kulibe, koma mankhwala akugwirabe ntchito." Iye ankangolowanso kukasonkheza moto wake.

Masiku anapita. Mitambo inayamba kusonkhana kum'mawa, mphepo n'kumabwera ndi fungo la mvula ya kutali. Nangozo sanatumize mawu alionse, ndipo masiku ena bamboyo ankadzifunsa ngati sakufukiza mbewu ya munthu amene anatsanzika kale.

Tsiku lina masana Nangozo anaoloka mtsinje, dengu lopanda kanthu lili pamutu. Anali atatsimikiza tsopano. Ankabwera kudzatenga mbewu yotsala ija, ngati anankafumbwe anali atamusiyirako, kuti akadzale zonse kwawo. Atafika pamene njira imakhotera kuchitunda, anaona utsi ukutuluka m'denga la khitchini yake, wochepa, woyera, ukufuka paudzu wonse ngati nkhungu ya m'dambo. Anaima. Anaima nthawi yaitali ndithu, mpaka mayi wina amene ankamutsatira m'mbuyo anamupitirira.

Atafika pakhomo anapeza kuti chiguduli chija palibe. Panali chitseko. Anachikankha, ndipo chinatseguka osalira. M'katimo mwamuna wake anali atagwada, akuuzira moto, misozi ili mbwembwembwe. Kaya inali ya utsi, kaya ya china, zimenezo sitinafunse.

Nangozo anayang'ana kumwamba. Mbewu yake inali yonse, yakuda bii, yolimba. Anatula dengu.

"Nkhuni zaziwisi izi, abambo," anatero. "Mbewu imafuna utsi, inde, koma osati wopha nawo munthu."

Anagwada pambali pake, n'kuchotsa zikuni ziwiri, n'kusendeza zina, n'kuuzira kamodzi kokha. Moto unayaka. Onse awiri anauyang'ana. Bamboyo analiona dengu lija, ndipo anadziwa chimene linadzera, koma sanafunse.

"Chitseko ichi mwazula kwa yani?" anafunsa Nangozo.

"Sindinazule kwa munthu. Matabwa ndinagula atsopano. Sichinatsekepo nyumba ina."

Nangozo anatola kachitsotso n'kumakankhira makala pakati. Kunja mphepo inagwetsa bango limodzi lakupsa pabwalo, ndipo kutali kunagunda bingu.

"Mawa mundiperekeze kutsidya," anatero. "Ndinasiyako mbewu ina. Mvula isatipeze mbewuyo ikadali konko."

Ndipo anatenga dengu lija n'kukalivundikira pakhonde, pafupi ndi timipando tiwiri tija.

Inu amene mwakhala pano kundimvera, ambirife chisoni tili nacho, koma chimakonda kufika mochedwa. Timadziwa kuyamikira munthu pamaliro ake. Timadziwa kuima pabwinja n'kupukusa mutu kuti apa panali anthu abwino. Koma amene akutithirira madzi osamba m'manja lero sitimuona, mpaka tsiku limene tidzanene odi pakhomo pathu pomwe n'kuyankhidwa ndi njiwa. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Munthu wa m'fanizoli anapeza theka la mbewu likadalipo. Si onse amene amalipeza.

Choncho mukafika kwanu, musadikire kuti pabwalo pamere nsatsi. Lowani kumene simulowa kuja, muyang'ane kutsindwi. Ngati mbewu ikadalipo, ngakhale theka lokha, gwadani mukoleze moto, oseka aziseka.