Ahedi Alankhula ndi Manja

Kalata itabwera yoitana mphunzitsi mmodzi kumaphunziro a chinenero cha manja ku Liwonde, ahedi athu, a Kaliwo, anafufuta dzina la Mayi Chikakuda, mphunzitsi amene anasankhidwa, n'kulembapo lawo. Anabwerako atanenepa, atanyamula satifiketi.

Chaka chikutha, anaitana mayiwo. "Mulengeze pamsonkhano wotsekera sukulu kuti ndine katswiri. Ndipo tchuthi chino muphunzitse aphunzitsi anzanu zimene ndinaphunzirazo."

"Ine sindinapiteko, bwana."

"Mabuku ndi awa. Werengani."

Tsikulo litafika, Mayi Chikakuda anaimirira pamaso pa makolo. "Nkhani yosangalatsa ya chaka chino ndi iyi: ahedi athu tsopano ndi katswiri! Lero alankhula ndi manja okha, kuti Tiyanjane wa Fomu 3, yemwe samva, awamve koyamba."

Makolo anawomba m'manja. A Kaliwo anaimirira, nayamba kugwedeza mikono ngati akuthamangitsa njuchi.

Tiyanjane anawayang'anitsitsa, anapita pabolodi n'kulemba: "Ahedi akudwala?"

A Kaliwo ananong'oneza mayiwo: "Ndipulumutseni."

"Ndikanatero, bwana," anatero mayiwo mwaulemu, "koma amene anapita ku Liwonde ndinu."